Tsikabwino wa Achimwene Anga

Ine pakamwa panga sipatsekeka, zimenezo aliyense wa ku Sadzi angakuuzeni. Amayi ankati ndinabadwa ndikuyankha. Ndagulitsa zipatso zaka zambiri pamsewu wokwera phiri la Zomba, ndipo pamalonda amenewo munthu wofatsa amabwerera kunyumba ndi masitiroberi ake atafota. Ndiye nkhani iyi ndiinena mmene inayendera, ngakhale ili ndi mbali yondichititsa manyazi. Ndi nkhani ya kathabwa kena kamene achimwene anga anapanga, ndi dzina lake limene ankafuna kuti likhale lawolawo papepala la boma.

Achimwene angawo, amene tinapondana, ankatsitsa nkhuni kuphiri pa njinga. Amene simunaione ntchito imeneyi mungaiyese yamasewera. Munthu amanyamuka mbandakucha akukankha njinga yopanda kanthu, kukwera mpaka kumtunda kwa damu la Mulunguzi, kumene a zankhalango amakhala atagwetsa paini. Amatola nthambi zotsala, kuzidula, kuzisanja pa kaliyala mpaka mulu kupitirira mutu wake. Kukwerako n'kotopetsa chabe, kutsika ndiye kumene kuli imfa. Mabuleki obwera ndi njinga aja sachedwa kutha, ndiye masiku amenewo anthu ankangobweza mwendo m'mbuyo n'kukanikiza tayala ndi nsapato yosokedwa ndi mphira wa galimoto. Ife a zipatso tinkamva fungo la kupserera munthuyo asanaonekere n'komwe.

Amayi sankati "pitani bwino" ngati anthu ena. Ankaima pakhomo, tsache lili m'manja, n'kunena kuti, "Mukatsike bwino, bambo." Tsiku ndi tsiku mawu omwewo, mpaka ife tinkawayeserera n'kumaseka.

Tsiku lina la chiperoni, msewu utanyowa, nkhungu itakuta mitengo, ndinamva nkhuni zikulira gwedegwede kumtunda. Ndinadziwiratu kuti njinga imeneyo ikubwera mopyola muyeso. Itatulukira, ndinaona malaya a achimwene. Nsapato yawo inkangoterereka pa tayala lonyowa. Anandidutsa maso ali tong'o, ndipo pakona pamunsi pa malo anga njinga inalowera kwake, iwo kwawo, mulu wonse wa nkhuni n'kuwagwera pamwendo. Mayo ine! Sindikumbuka kuti ndinathamanga bwanji. Ndimangokumbuka kuti magalagadeya anga anagubuduzika msewu wonse ndipo palibe amene anawatola.

Anatuluka m'chipatala mwendo wamanzere utauma, wosapindikanso pabondo, akuyendera ndodo. Kukwera njinga kunathera pomwepo. Chimene chinkandipweteka kwambiri si ndodoyo ayi, koma kuti munthu amene ankadziwika ndi mphamvu zake tsopano ankangotchedwa "olumala aja a ku Sadzi". Miyezi ingapo anangokhala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, osayankhula zambiri. Kenako anatipempha kuti tiwasendezere njinga yawo yophwanyika ija. Anaiwongola, anaizondotsa, n'kumazunguza tayala tsiku lonse akuliyang'anitsitsa. Ine ndinauza amayi kuti basi, mutu nawonso wayamba. Posakhalitsa tinayamba kumva kukhoma.

Anaononga matabwa ambiri asanafike pa chimene ankafuna, ndipo ena tinaphikira nyemba. Koma chimene chinatuluka pomaliza n'chosavuta kufotokoza. Ndi kathabwa ka bulugama kotalika ngati chikhatho, kosemedwa mokhota kuti kakumbatire tayala, kunsi kwake atamatako chidutswa cha tayala la galimoto chokhala ndi timizere titatu. Kathabwako amakamanga ndi bawuti kumbuyo kwa chishalo, ndipo pambali pamakhala kachitsulo kopondapo ndi chidendene, kopaka utoto wofiira. Ukaponda, kathabwa kamagwira tayala. Ukasiya, kalamba ka chubu kamakabwezera m'mwamba.

Vuto linali loti akayese ndani, poti mwini wake sakanatha. Anzawo otsitsa nkhuni anabwera, anayang'ana, anagwiragwira, n'kupukusa mitu. Wina anati iye ali ndi ana aang'ono. Wina anati Loweruka ali ndi maliro, ngati maliro munthu amachita kuwadziwiratu. Ine ukali unandikwera.

"Amuna inu, ndevuzo n'zobwereka?" ndinatero. "Bweretsani njingayo kuno, nditsika ndine!"

Njinga ndinkaidziwa ya kuchigayo ndi kutchalitchi, phiri ndinali ndisanatsikepo. Koma mawu anali atatuluka kale, ndipo ine kubweza mawu pagulu ndiye ayi.

Loweruka lake tinakwera. Achimwene tinawapemphera malo pa lole ya matabwa, inakawatsitsa pamalo anga a zipatso. Ine ndi amuna aja tinakankha njinga mpaka pafupi ndi damu. Anandisanjira theka la mulu, ine nditavala buluku la achimwene mkati mwa chitenje. Amayi anali atakana kubwera, anati sakufuna kuonera mwana wachiwiri akuthyoka. Koma ponyamuka anali ataima pakhomo ndi tsache lawo lija n'kunena kuti, "Iwe wamisala iwe, ukatsike bwino."

Abale inu, mphepo ya tsiku limenelo sindidzaiiwala! Njinga itangoyamba kuyenda, mitengo ya paini inayamba kuthawira kumbuyo, nkhuni zikugwedezeka kumsana kwanga, mpango n'kuuluka kupita kaya kuti. Pakona poyamba ndinaiwala zonse zimene achimwene anandilangiza, ndinangoti basi lero ndafa. Kenako chidendene chinapeza kachitsulo kaja. Ndinaponda. Njinga inalira fwiii, n'kufatsa ngati ng'ombe ya pagoli. Ndinasiya, inathamanga. Ndinapondanso, inafatsa. Ha! Kuyambira pamenepo ndinayamba kuseka ndekha. Ndinaimba nyimbo ya kwaya mokweza, ndinapatsa moni anyani amene anakhala pamwala, ndipo tauni yonse ya Zomba itaonekera kumunsi ndinaikuwira kuti ndikubwera. Nditafika pamalo anga a zipatso, pafupi ndi pakona pamene achimwene anagwera, ndinaponda mwamphamvu n'kuima, mapazi anga pansi, pamaso pawo penipeni.

Iwo anawerama movutikira, anagwira kathabwako kuti amve kutentha kwake, n'kuyamba kuseka misozi ili chuchuchu. Azimayi anzanga a zipatso anaimba nthungululu mpaka galimoto ya alendo inaima kufunsa ngati kuli ukwati. Amuna aja anafika ali wefuwefu, ndipo yemwe uja wa ana aang'ono ndiye anali woyamba kufunsa kuti chake chitha liti.

Madzulo ake tili pakhonde, achimwene anati chinthu chopanda dzina sichigulika. Ine ndinatchula maina angapo odzitama, a mikango ndi akambuku, koma onse anawakana. Anayang'ana amayi, amene ankasenda nandolo chapatali, n'kunena kuti, "Dzina lake ndi Tsikabwino. Mwakhala mukulitchula pakhomo pano zaka zonsezi." Amayi anati tisawalowetse m'zamisala zathu, koma ndinawaona akumwetulira. Kuyambira pamenepo, kathabwa kalikonse kotuluka pansi pa mango paja kankalembedwa dzinalo ndi utoto woyera, cholembera chake nthenga ya nkhuku.

Tsopano apa ndi pamene pakamwa panga panapeza ntchito. Njinga iliyonse yodutsa nsapato ikufuka ndinkaikuwira: "Inu bambo, akazi anu mwatopa nawo? Ikani tsikabwino!" Wogula zipatso aliyense, ngakhale wa galimoto, ankachoka atamva za tsikabwino, afune asafune. Ndinapeka kanyimbo, ana a sukulu n'kukatola kupita nako m'tauni. Sipanathe chaka, kuseri kwa nyumba yathu kunali mzere wa njinga: a nkhuni, a makala, onyamula nthochi, ngakhale a kabaza ochokera ku Matawale. Anthu anasiya zoti "olumala aja", anayamba kunena kuti "a tsikabwino". Achimwene ananenepa, anayambanso kupita ku kwaya.

Tsiku lina mumsika ndinamva mayi wina, woti sindimudziwa n'komwe, akudandaulira mnzake za mwamuna wake womwa mowa. Ati, "Ameneyu akufunika tsikabwino." Ndinatsala pang'ono kumukumbatira! Ndinathamangira kunyumba kukanena, ndipo tinaseka mpaka nthiti kuwawa. Abusa nawonso analitchula paguwa, akuti lilime la munthu limafunika tsikabwino, ndipo theka la mpingo linatembenuka kuyang'ana ine. Ndinangoti zikomo, bola dzina lamveka.

Koma achimwene anali ndi khalidwe limodzi: sankabisa kanthu. Munthu akakhala pafupi n'kufunsa kuti bawuti iyi bwanji ili apa, ankasiya ntchito n'kumufotokozera mpaka amvetse. Bambo wina wowotcherera zitsulo wa ku Chinamwali anakhala nawo masiku awiri, anamwa tiyi wathu, anadya chinangwa chathu, n'kupita. Patangotha mwezi tinayamba kuona njinga zokhala ndi tithabwa tosachokera kwathu. Kenako wina anayamba ku Songani, wina ku Thondwe. Ine ndiye ndinalusa, ndipo ndinkawanyoza mokweza kuti aliyense amve. "Uyo ndi tsikabwino wa ku Chinamwali, taonani kuonda kwake! Uyo tsikabwino wamisomali! Uyu ndiye tsikabwino wabodza weniweni!" Anthu ankaseka, ine n'kumadziona ngati msilikali wa achimwene.

Amayi anatisiya m'zaka zomwezo. Kuyambira pamenepo achimwene akamalemba dzina lija ndi nthenga, ankalemba pang'onopang'ono, ndipo sankafuna kuyankhulitsidwa mpaka atamaliza.

Kenako kunachitika ngozi. Bambo wina wa makala anagwa pamtsetse cha ku Domasi, kathabwa katathyoka, iyenso n'kuthyoka mkono. Mbiri inayenda kuti tsikabwino wagwetsa munthu. Abale ake anabwera kwathu atanyamula zidutswa zake. Achimwene anazitembenuza n'kuwaonetsa: thabwa lofewa la paini, misomali m'malo mwa bawuti, mphira wosalala wopanda mizere.

"Ichi sichinatuluke m'manja mwanga," anatero.

Mkulu wa abalewo anafunsa kuti, "Koma si tsikabwino ameneyu? Nanga mwini wa tsikabwino si inu?"

Ine ndinayankha zambiri zimene sindingalembe pano, ndipo anthuwo anachoka tisanamvane.

Achimwene sanadye tsiku limenelo. M'mawa mwake anandiitana n'kunena kuti, "Chemwali, dzina ili ndi mawu a amayi. Sindingalole kuti lizimatidwa pa chilichonse chothyola anthu mikono. Ndikufuna pepala lonena kuti tsikabwino ndi wopangidwa ndi ine basi." Mkulu wina wa kumpingo kwathu, amene anagwirapo ntchito ya ukalaliki, anatiuza kuti ku Blantyre kuli ofesi yolembetsa maina ndi zizindikiro za malonda. Ati ukalembetsa, wina aliyense wogwiritsa ntchito dzina lako umatha kumuletsa ndi lamulo. Eee, ine ndinaimirira n'kuvina pomwepo!

Ulendo umenewo tinaukonzekera ngati wa chinkhoswe. Achimwene anasema tsikabwino watsopano, anamupala mpaka kusalala, anamupaka vanishi, ine n'kumukulunga m'chitenje chosavala. Malaya awo oyera ndinawasita kawiri. Ndinatenganso kadengu ka masitiroberi osankha, poti munthu sapita kwa akuluakulu chimanjamanja. M'minibasi, tisanafike n'komwe pa Namadzi, aliyense anali atadziwa kumene tikupita ndi chifukwa chake. Kondakitala anati, "Ndiye kuti lero tanyamula mabwana!" n'kuwapatsa achimwene mpando wakutsogolo kuti mwendo utambasuke. Ine m'mutu ndinali nditayamba kale kuona nkhope ya bambo wa ku Chinamwali uja ndikumuonetsa pepala la chidindo.

Ku ofesiko tinalandiridwa ndi mayi wina wa magalasi, wamsinkhu wanga, woyankhula mofatsa. Masitiroberi anakana mwaulemu, anati ntchito yawo silola. Koma nditamasula chitenje chija maso awo anawala. Anamunyamula tsikabwino, anamutembenuza, anayesa kachitsulo ndi chala.

"Mukufuna kulembetsa dzina lokha, kapena ndi maonekedwe ake omwe?" anafunsa mayiwo.

"Zonse!" ndinayankha ine, achimwene asanatsegule n'komwe pakamwa.

"Chabwino, tiyambe ndi maonekedwe. Bambo, kathabwaka n'chifukwa chiyani kali kokhota chonchi?"

Achimwene anakhala tsonga. Funso lotere ndiye chakudya chawo. "Kuti kakumbatire tayala, mayi. Kakakhala kowongoka kamagwira pamalo amodzi, tayala limatha msanga."

"Nanga timizere titatu iti?"

"Ta madzi. Kwathu kuphiri kumagwa chiperoni. Popanda timizereti madzi amatsala pakati, ndiye pamaterera. Ndi zimene zinandithyola mwendo uwu."

"Utoto wofiirawu ndiye wongokongoletsa, eti?"

"Ayi ndithu!" anatero achimwene, ngati atukwanidwa. "Ndi woti munthu akangoponya diso pansi aone popondapo, ngakhale kuli nkhungu. Pa chinthu ichi palibe chokongoletsa, mayi. Chilichonse chili ndi ntchito yake."

Ine ndinkangogwedeza mutu ngati gulo, kunyada, mumtima ndikuti auzeni achimwene, auzeni! Mayiwo anavula magalasi n'kuwaika patebulo.

"Vuto lake ndi limenelo," anatero.

Anatifotokozera kuti chizindikiro cha malonda ntchito yake ndi imodzi, kuuza wogula kuti katunduyu wachokera kwa ndani. Maonekedwe amene alipo kuti chinthu chigwire ntchito sangakhale chizindikiro cha munthu mmodzi, chifukwa aliyense wofuna kupanga buleki yogwira bwino ayenera kuikhotetsa momwemo n'kuiika mizere ya madzi. Anati njira ina yotetezera luso latsopano ilipo, koma imafuna kuti munthu abwere chinthucho chisanafalikire, osati patapita zaka chili kale pa njinga za boma lonse la Zomba. Apa ndi pamene ndinazindikira kuti yankho lililonse limene ndinkalinyadira lija linkatitsekera khomo.

Koma sindinagonje. "Chabwino, maonekedwewo atenge. Ife tabwerera dzina."

"Dzina ndi Tsikabwino," anatero mayiwo akulemba. "Nanga chinthu chenichenichi chimatchedwa chiyani?"

"Tsikabwino," ndinayankha.

"Ayi mayi, limenelo ndi dzina la malonda anu. Ndikufunsa kuti munthu akafuna chinthu chotere, kaya wapanga ndani, amati akufuna chiyani?"

Ndinayang'ana achimwene, iwo akuyang'ana pansi. Dzina lina panalibe.

"Nanga za anthu ena aja, inuyo mumazitcha bwanji?"

"Atsikabwino abodza," ndinatero, mawu akutsika.

Mayiwo anaitana mlonda wa pakhomo, bambo wachikulire wa imvi. Anaphimba dzina lija ndi chikhatho n'kumuonetsa chinthucho. "Bambo, ichi n'chiyani?"

"Ameneyo ndi tsikabwino, bwana. Wanga ndinagula ku Limbe."

"Amapanga ndani?"

"Aaa, aliyense wodziwa kukhoma."

Likanakhala tsiku lina, kumva kuti dzina lathu lafika mpaka ku Limbe, bwenzi nditaimba nthungululu mu ofesi momwemo. Mayiwo anati dzina likasanduka mawu a anthu onse otchulira chinthu, lamulo silingalichotse pakamwa pa anthu n'kulipereka kwa munthu mmodzi. Anati ngakhale makampani akuluakulu ataya maina awo m'njira yomweyi, chifukwa chotchuka kwambiri.

"Mukanati muzinena kuti iyi ndi buleki ya chidendene ya Tsikabwino, za enawo n'kumangoti mabuleki a chidendene, bwenzi lero tikukamba zina," anatero. "Kodi analifalitsa chonchi ndani?"

Achimwene sanandiyang'ane, ndipo kusandiyang'anako ndiko kunandibaya.

"Ndine," ndinatero.

Mayiwo sanatisiye chabe. Anati tikhoza kusankha dzina latsopano, kapena kuika pakathabwapo kachizindikiro kopanda ntchito ina iliyonse kupatula kusonyeza kuti wapanga ndi uje, ndipo chimenecho lamulo lingachiteteze.

"Chopanda ntchito?" anafunsa achimwene. "Ndiye ndichiikirenji?"

Mayiwo anaseka, nafenso tinasekako pang'ono. Koma m'minibasi pobwerera palibe amene anamva mawu anga. Masitiroberi aja tinadya tokha tikudutsa pa Njuli. Titayandikira Thondwe ndinati, "Achimwene, pepani. Ndakutayirani mawu a amayi ndi pakamwa pangapa." Iwo anatafuna kaye, kenako anati, "Walira mvula walira matope, chemwali. Tinkafuna dzina limveke, lamveka. Ndiponso wa ku Chinamwali uja anamumwetsa tiyi ndine." Anandinena mofatsa choncho, koma usiku wonse ndinalakalaka akanangonditukwana.

Patapita miyezi anagonja. Anasula kachitsulo kooneka ngati nsapato imodzi, nsapato ija inaterereka pa tayala, ndipo amakatenthetsa pamoto n'kudinda pa kathabwa kalikonse. Chizindikiro chimenecho tinakalembetsa, pepala lake lili m'sutikesi, ndipo anthu odziwa amafunsa wa nsapato. Koma papepalapo mawu a amayi palibe. Ndipo achimwene anandichenjeza kuti ichi chokha ndisachipekere nyimbo.

Chaka chatha, m'nyengo ya masitiroberi, achimwene anakwera kudzacheza pamalo anga a zipatso. Amakonda kukhala pamwala wa pambali panga n'kumamvetsera njinga zikutsika. Chakumasana tinamva nkhuni zikulira kumtunda, kenako fwiii, njinga n'kutulukira pang'onopang'ono, mulu kupitirira mutu. Anali bambo wosamudziwa, wa thukuta thupi lonse. Anaima pamaso pathu kuti agule nthochi. Diso langa linapita kumbuyo kwa chishalo, monga limachitira nthawi zonse: kathabwa kalipo, koma nsapato palibe. Si wathu.

Bamboyo anasenda nthochi, anagogoda kathabwako ndi chidendene n'kunena kuti, "Pakanapanda tsikabwino uyu, phiri ili bwenzi litandipha kalekale. Amene anayambitsa, Mulungu amudalitse."

"Mukumudziwa?" ndinafunsa.

"Aaa, angadziwe ndani mayi? Zinthu zimenezi n'zakale. Ena amati zinabwera ndi azungu a zankhalango."

Azungu! Ndinadzambatuka, mawu atadzaza kale pakamwa, koma achimwene anandigwira mkono mwamphamvu. Anaimirira ndi ndodo yawo, anapita panjingapo, anawerama n'kugwedeza kathabwako.

"Bawuti iyi yamasuka," anatero. Anatulutsa sipanala imene sichoka m'thumba mwawo, anamanga, kenako anatenga kampeni n'kuzamitsa timizere timene tinali titayamba kufafanizika.

"Zikomo kwambiri," anatero bamboyo. "Kani mumazidziwa zimenezi, bambo?"

"Pang'ono," anayankha achimwene.

Ndinapirira, Mulungu ndi mboni. Ndinapirira bamboyo akutaya khoko la nthochi, ndinapirira akukwera njinga, ndinapirira akuyamba kutsetsereka. Koma atayandikira pakona paja, pamene achimwene anasiya mwendo wawo, zinandikanika. Ndinathamangira pakati pa msewu, misozi ikutsika, n'kukuwa ndi mphamvu zanga zonse: "Ndi awa! Anayambitsa ndi awa! Achimwene anga!"

Nkhuni zinkasokosa, ndipo bamboyo sanamve. Anayesa kuti ndikumutsanzika, ndiye anakweza dzanja limodzi kubayibitsa, njinga n'kugwedezeka pang'ono.

Achimwene anandikoka chitenje. "Khalani pansi, chemwali. Musiyeni agwire handulo ndi manja awiri."

Ndinakhala pansi, ndipo tonse awiri tinatchera khutu mpaka tinamva kathabwa kakulira pakona pa kumunsi.